Nyimbo Isanabvale Suti: Matepi Oyamba a Bob Dylan

Anzanga acinyamata, makwaya athu ambiri ali pa kalikiliki kusonkha ndalama zopitira ku situdiyo. Tisanagulitse nkhuku zonse, tiyeni timvetsereko matepi amene mnyamata wina wa ku Amerika anajambula alibe ng'oma ngakhale omuthandiza kuyimba. Mnyamatayo ndi Bob Dylan, amene anabadwa mu 1941, nakhala woyimba wochuka wa nyimbo za rock, ndipo mu 2016 analandira mphoto ya Nobel cifukwa ca mau a nyimbo zace.

Nyimbozi zinaturuka mu 2010 pa dzina la The Witmark Demos. Ziripo 47, zojambulidwa pakati pa 1962 ndi 1964 mu mzinda wa New York. Sanazijambule kuti inu ndi ine tizimve ai. Kampani ya Witmark inali kugulitsa nyimbo kwa oyimba ena, tsono inafuna tepi yongosonyeza mau ndi maimbidwe ace, monga momwe mphunzitsi wa kwaya amayimbira nyimbo yatsopano kamodzi kuti ena aigwire. Dylan anali kulowa m'kacipinda, kukhala pansi ndi gitala kapena piyano, basi.

Cotero zonse ziri poyera. Mumamumva akutsokomola, akuiwala mau ndi kuyambanso. Pa nyimbo ya "Let Me Die in My Footsteps" angolekeza pakati, nadandaula kuti yamutopetsa poti waiyimba kambirimbiri. Liu lace ndi la m'mphuno. Pa kwaya yathu sindikhulupirira kuti akadapatsidwa malo a kutsogolo.

Koma mverani "Blowin' in the Wind." Palibe cokometsera ciriconse, koma mukaimva kawiri mudzapeza kuti mwayamba kuing'ung'udza potsuka mbale. Ndi mafunso okha-okha okhudza nkhondo ndi ufulu, oyikidwa pa maimbidwe amene Dylan anabwereka ku "No More Auction Block," nyimbo yakale ya anthu akuda oturuka mu ukapolo. Gulu la Peter, Paul and Mary linaiyimba mosalala mu 1963 ndipo inafika pa nambala 2 pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Amerika. Iwo anaibveka suti, koma thupi lace linali lathunthu kale.

Imene yandigwira mtima koposa ndi "When the Ship Comes In." Pa tepi iyi aiyimba ndi piyano, ndipo amaimenya ngati munthu wokhoma misomali. Woyimba piyano wophunzira angaseke. Koma kumenyako kuyenerana ndi nkhani yace, ya tsiku limene odzikuza adzagwa, ndipo kumapeto achula Farao ndi Goliati. Aliyense wa Sande Sukulu adziwa kumene anatunga madzi amenewo. (Amene mufunsa ngati nkoyenera kuchula munthu wa rock m'magazini ya mpingo, dziwani kuti mu 1979 anaturutsa cimbale ca nyimbo zacikristu, Slow Train Coming. Sindikumuika pa guwa. Ndikamba za nchito ya manja ace cabe.)

Si zonse 47 zimene ziri bwino. Zina ndi zidutswa, zina ndi nthabwala za mnyamata wongoyesa mkono, ndipo zingapo zifanana kwambiri ndi za Woody Guthrie, woyimba amene iye anali kumutsanzira masiku amenewo. Kuzimvera zonse tsiku limodzi nkutopetsa. Ine ndikadasankha khumi ndi ziwiri. Koma ngakhale zofookazo zithandiza, cifukwa popanda ng'oma zobisalamo, khutu lizindikira msanga nyimbo ya mafupa ndi nyimbo ya mphepo.

Apa ndi pamene pandiwawa. Nyimbo zambiri za makwaya athu zikaturuka ku situdiyo zimveka cimodzimodzi: kiyibodi igunda ng'oma yace yomweyo, ndipo mau ndi mizere iwiri yobwerezedwa mpaka mphindi zisanu ndi ziwiri zithe. Cotsani kiyibodi, patsala ciani? Ndinayesa ndekha. Ndinatenga nyimbo zitatu zimene ndinapekera gulu lathu, ndinazijambula pa foni ndi liu langa lokha, ndipo m'mawa mwace ndinazimvera. Imodzi inaimirira. Ziwirizo ndazibwezera m'kope, ngakhale kuti imodzi mwa izo tinali titaigulira kale yunifomu.