Kuyesa Maphunziro a pa Intaneti

Abale, pamene boma linatseka sukulu zonse pa 23 March 2020 cifukwa ca nthenda ya Covid-19, sukulu zina zaukacenjede zinayesa kuphunzitsa pa intaneti. Njirayo siinathe, ndipo ana athu kuno ku Nambuma aikhumba, popeza malo ku Bunda ndi ku Zomba ali ocepa. Tiyeni tiiyese bwino.

Ubwino wace ulipo: mwana aphunzira ali kwao, wosalipira cipinda m'tauni. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba za magetsi m'Malawi zinali ngati imodzi mwa khumi, ndipo kumidzi zinacepa koposa. Lamya ikatha moto, phunziro lathera pomwepo. Ndiponso, kodi wophunzira zaulimi angazindikire nthenda ya ng'ombe asanaigwire ndi manja ace? Iai.

Cifukwa cace, musanagulitse fodya kapena mtedza kuti mulipire sukulu, funsani zinthu zitatu. Kodi bungwe la National Council for Higher Education linabvomereza maphunzirowo? Kodi mphunzitsi ayankha msanga mwana akafunsa? Kodi mayeso alembedwa pamaso pa woyang'anira? Paja akulu anati, safunsa anadya phula.