TIYI WOPANDA SHUGA

Mu 1792, ku London, James Gillray anajambula cithunzi coseka mfumu ya Angelezi. Mfumu George III yakhala ndi mkazi wake Charlotte ndi ana awo aakazi. Onse akumwa tiyi wopanda shuga. Mfumu ikuti tiyiyo ngokoma. Ana akwinya nkhope.

Cifukwa ciani asiya shuga?

Nzimbe sizimera ku England. Shuga ankacokera ku zilumba monga Jamaica ndi Barbados. Olima nzimbezo anali akapolo ogwidwa ku Africa. Mu 1791 Nyumba ya Malamulo inakana kuletsa malonda a akapolo. Pamenepo anthu wamba, makamaka azimayi, analeka kugula shuga. Thomas Clarkson anawerengera kuti anali ngati 300,000.

Tsono timve mawu a Charlotte pacithunzipo. Akuuza ana kuti akasiya shuga, nchito ya anthu akuda icepa. Koma akuti cacikulu ndi cakuti atate awo asunga ndalama.

Apa ndi pamene pagona nkhani. George III ankachuka ndi kuumira. Gillray akuti cifundo ca banjali nca pakamwa cabe, mtima uli pa thumba. Pamenepa ife tikuti anaona bwino. Wokana cinthu cifukwa ca cisoni ndi wokana cifukwa ca umbombo amamwa tiyi mmodzimodzi. Timawasiyanitsa pomva mawu awo.

Koma cithunzici cili ndi colakwa. Muli mfumu, muli makapu, muli ana odandaula. Mulibe wodula nzimbe ngakhale mmodzi. Wovutika amene tikumuona ndi mwana wa mfumu wosowa shuga. Ndiponso woona angaseke onse osiya shuga, ngakhale amene anasiya ndi mtima woona. Komatu khama la anthu otere linathandiza. Angelezi analetsa malonda a akapolo mu 1807, ndipo lamulo lothetsa ukapolo m'maiko awo ambiri linadza mu 1833.

Nkhaniyi si yacilendo kwa ife. M'nthawi ya atsamunda, kampani ya Angelezi ya Sena Sugar Estates inali ndi minda ya nzimbe ku Luabo ndi ku Marromeu. Anthu ambiri anapita kumeneko mwa cibalo.

Conco poona cithunzi tisangoseka. Tifunse: wajambulidwa ndani? Wasiyidwa ndani?

MAFUNSO
1. Shuga wa Angelezi ankacokera kuti?
2. Charlotte anapereka zifukwa ziti ziwiri?
3. Mukadajambula inu, mukadaikamo ndani?