Mantha a Sisitere Blanche: Maganizo Athu pa Seŵero la Georges Bernanos

Pa 18 Disembala 2024 Papa Francis adaloŵetsa m'gulu la Oyera masisitere 16 a chipani cha Karimeli a ku Compiègne, m'dziko la France, amene adadulidwa mitu mu mzinda wa Paris pa 17 Julaye 1794. Papa Pius X adaali ataŵatchula kale Odala m'chaka cha 1906. Koma titati tifunse anthu amene adamvapo mbiri ya amai ameneŵa kuti atchuleko dzina limodzi, ambiri angatchule Blanche de la Force, munthu amene sadakhalepo konse pansi pano. Blanche ndi mwana wa m'buku. Adamubala ndi Gertrud von le Fort, mai wa ku Germany, m'kabuku kake ka 1931 kotchedwa Die Letzte am Schafott. Adamulera ndi Georges Bernanos m'seŵero la Dialogues des Carmélites, losindikizidwa mu 1949. Ndipo Francis Poulenc adamupatsa liwu loimba pamene adasandutsa seŵerolo kukhala la nyimbo, nkuliwonetsa koyamba ku Milan mu 1957. Pano tifuna kukamba za Bernanos makamaka, ndi funso limene iye adalimbana nalo: kodi chikhulupiriro chimatani nao mantha a munthu?

Tisaiŵale mmene seŵeroli lidalembedwera. Bernanos adapemphedwa ntchito yochepa chabe, yolemba mau oti anthu azilankhulana m'filimu imene Bambo Bruckberger, wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, ankakonza. Adaigwira ali ku Tunisia, chakumapeto kwa 1947 ndi kuchiyambi kwa 1948, matenda a chiŵindi atamugwira kale, ndipo adamwalira pa 5 Julaye 1948 asadaone mau akewo atasindikizidwa. Tsono zimene tikuŵerengazi ndi mau a munthu amene imfa idaali itamuimirira kale pakhomo. Mwina nchifukwa chake wolembayu satonza wamantha ngakhale pamodzi.

Blanche ndi mwana wa banja lachifumu. Mai wake adamwalira pomubala, atadzidzimuka ndi chipwirikiti cha anthu m'mseu wa ku Paris, ndipo mwanayo adakula ngati kuti manthawo adachita kuyamwa. Chithunzithunzi cha wantchito pakhoma nchokwanira kumukuwitsa. Poloŵa m'nyumba ya masisitere mu 1789 akufuna Mulungu ndithu, koma akufunanso phanga lobisalamo, ndipo iye mwini sangathe kulekanitsa ziŵirizi. Mai Mkulu wokalamba, Madame de Croissy, akumuchenjeza kuti mpanda wa Karimeli sudamangidwe kuti anthu azithaŵiramo. Koma pamene mtsikanayo atchula dzina limene wadzisankhira, lokumbutsa za masautso a Ambuye m'munda wa Getsemani, mai wokalambayo adzidzimuka, pakuti ndi dzina lomwelo limene iyenso adaalifuna pa utsikana wake.

Chigawo chimene chasenza seŵero lonse ndi imfa ya Mai Mkulu ameneyu. Wakhala m'malumbiro zaka zoposa 30, akusinkhasinkha za imfa tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense akuyembekeza kuti adzazima mwakachetechete ngati nyale yotha mafuta. Koma akufa moipa. Akupempha dokotala mankhwala ena oti alimbe nao kuti atsazikane ndi ana ake, dokotala nkukana. Akamuuza kuti aganize za Mulungu yekha, akuyankha mwaukali. Akubwebweta za tchalitchi lao litafwambidwa ndi guwa litasweka, mpaka Mai Marie akulamula kuti mazenera atsekedwe, kuopa kuti ena angamve nkukhumudwa. Ndipo amene akugwada pambali pa bedi kuona zonsezi ndi Blanche, wamantha uja.

Tanthauzo la imfa imeneyi Bernanos adaliika m'kamwa mwa Sisitere Constance, mtsikana wanthabwala amene anzake samuŵerengera kwenikweni. Iye akuganiza kuti Mai Mkulu adalandira imfa ya munthu wina, monga mmene munthu angavalire mwangozi malaya a mnzake osamukwana. Ndipo kuti kwinakwake kuli wina wofooka amene, nthaŵi yake ikadzakwana, adzadabwa kuona imfa ikumupepukira.

Apa tiyenera kuimapo pang'ono, pakuti ganizo limeneli nlokongola, komanso nloterera. Wina angalimve ngati msika: uyu wasenza mantha, uyo walandira mtendere, Mulungu nkumalemba m'kaundula. Zikadakhala choncho, seŵeroli likadakhala pafupi ndi zamatsenga koposa chikhulupiriro, ndipo tikuvomera kuti malo ena Bernanos akuyenda m'mphepete mwenimweni mwa dzenje limeneli. Chimene chikumupulumutsa nchakuti Mai Mkulu, ngakhale akupereka imfa yake chifukwa cha Blanche, sakudziŵa mmene Mulungu adzailandirire. Sakuona phindu lake. Akufa mu mdima, akudziyesa wolephera. Ichi ndi chiyanjano cha Oyera chimene timavomereza m'Kredo, ndiponso chimene Paulo Woyera akutanthauza pa Akolose 1:24, polankhula za masautso ake amene akuŵapirira chifukwa cha Mpingo.

Muzu wa zonsezi uli ku Getsemani. Marko pa mutu 14 sabisa kuti Ambuye adagwidwa ndi nkhaŵa yaikulu, ndipo Luka pa mutu 22 akunena za thukuta longa magazi. Msonkhano wachitatu wa ku Constantinople, wa m'zaka za 680 ndi 681, udatsimikiza kuti mwa Khristu muli kufuna kwaumunthu kwenikweni pamodzi ndi kufuna kwaumulungu. Tsono kunjenjemera kwake m'munda muja sikudaali kwachiphamaso ai. Ngati Ambuye adaŵasenza mantha, ndiye kuti manthawo adaomboledwa nao, ndipo munthu angathe kumtsata Khristu ali nao mumtima. Tomasi Woyera wa ku Aquino nayenso adaphunzitsa kuti kusaopa kanthu konse ndi chilema, ndipo kuti wolimba mtima ndi amene amaima pa chabwino pamene akuopa. Bernanos adangotenga chiphunzitso chakalechi nkuchiveka thupi la mtsikana amene akugwetsa kachifanizo ka Mwana Yesu, kusweka, chifukwa wamva phokoso la anthu kunja.

Ife amene ntchito yathu imatifikitsa pa mphasa za odwala tiyenera kuŵerenga chigawo chimenechi mofatsa. Tonse tikudziŵa zimene zimanong'onedwa kumudzi munthu akamafa movutika ndi mobwebweta: amati akuulula, amati zimene ankachita usiku zamupeza. Ndipo amene wafa chigonere timati anali wolungama. Bernanos akutilanda muyeso umenewu. Nafenso pa guwa tili ndi mlandu wathu, pakuti polalika za Amaritiri a ku Uganda amene adatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886 timakonda kuŵajambula ngati mikango, nkuiŵala kuti Kizito, wamng'ono mwa onsewo, adaachita mantha, ndipo kuti Karoli Lwanga adamulimbitsa pomulonjeza kuti adzagwirana manja. Mkhristu wamantha akamva ulaliki wa mikangowo amabwerera kwao akudziyesa mlendo mu Mpingo.

Komabe seŵeroli lili ndi zilema zake. Choyamba chikukhudza mbiri. Amene adatsogolera masisitere enieniwo kuti azidzipereka kwa Mulungu tsiku lililonse chifukwa cha mtendere wa Mpingo ndi wa dziko lao adaali mkulu wao, Mai Tereza wa Augustino Woyera, amene dzina lake lobadwa nalo linali Lidoine. M'seŵero, lumbiro lofera chikhulupiriro likuchokera kwa Mai Marie, mkulu wao kulibe, ndipo likununkha kunyada kwa anthu a magazi achifumu. Pa luso lolemba maseŵero izi zikugwira bwino, chifukwa Mai Marie yemweyo, wofunitsitsa kufa, ndiye akupezeka kwina tsiku limene anzake akumangidwa, ndipo chilango chake ndi kukhala ndi moyo. Koma Mai Marie weniweni, amene adakhala mpaka 1836 natisiyira mbiri ya anzakewo, sadayenere kuvekedwa chipeŵa chimenechi. Chilema chachiŵiri nchakuti anthu wamba a ku Paris alibe nkhope m'seŵero lonseli. Ndi chigulu chofuula basi. Njala yao, ndi mantha ao amene adaŵasandutsa zilombo, wolembayu sadaziyang'ane, chikhalirecho ndi katswiri pa nkhani ya mantha.

Tatsala ndi mathero. Blanche wathaŵa atangolumbira, ndipo akukhala ngati wantchito m'nyumba ya bambo wake amene adaphedwa kale, akulira chifukwa ndiwo zapsereza pamoto. M'kabuku ka von le Fort safika pa nsanja yopherapo anthu: liwu lake likumveka pakati pa chigulu, kumaliza nyimbo ya Veni Creator imene anzake adaisiyira panjira, ndipo amai aukali akumupondereza mpaka kufa pomwepo. Bernanos akumuyendetsa kupita ku nsanja, nkhope yake itayera, mantha onse atachoka. Poulenc adatsata Bernanos, ndipo amene adamvapo mathero a nyimbo zake sangaiŵale mmene mau a masisitere oimba Salve Regina amacheperachepera, chitsulo chikagwa limodzi nkuzima, mpaka kutsala la Constance, kenaka la Blanche lokha.

Tikudziŵa kuti Bernanos sakadachitira mwina: ngati Mai Mkulu adasenza imfa ya Blanche, Blanche ayenera kulandira ya Mai Mkulu. Komabe mtima wathu ukupendekera kwa von le Fort. Munthu amene watiphunzitsa m'seŵero lonse kuti mantha si chinthu chochititsa manyazi akadamulola mtsikanayo kukwera makwerero aja miyendo ikugwedezeka, ndipo sitikhulupirira kuti chaulere cha Mulungu chikadaoneka chochepa chifukwa cha chimenecho. Za masisitere enieniwo tikudziŵa kuti adapita akuimba, kuti Constance ndiye adayamba kukwera ndipo mkulu wao adatsiriza, ndi kuti mitembo yao idatayidwa m'dzenje la ku Picpus pamodzi ndi anthu ena amene adaphedwa m'masabata amenewo, onse pamodzi oposa 1,300. Patangopita masiku 10, pa 27 Julaye, Robespierre adagwa pa ulamuliro, ndipo m'maŵa mwake adadulidwa mutu nayenso.