Nsambo Imodzi ya a Yobu Maligwa

M'magulu ambiri a oyimba, woyimba besi ndiye munthu amene anthu samulabadira. Malo ake ndi kumbuyo, pafupi ndi mwini ng'oma, ndipo kufunika kwake kumadziwika pokhapokha akalakwitsa kapena akaleka. Miyendo ya anthu ovina imatsata iyeyo, koma m'manja amawombera amene waima kutsogolo. A Yobu Maligwa, a gulu la Madalitso Band la mumzinda wa Lilongwe, ndi mmodzi mwa oyimba ochepa amene sanatsate dongosolo limeneli. Iwo ndiwo oyimba besi, ndiwonso otsogolera nyimbo ndi mawu, ndipo nyimbozo amapeka okha pamodzi ndi mnzawo, a Yosefe Kalekeni. Besi yawoyo si yogula m'sitolo ayi. Ndi babatoni, choyimbira cha nsambo imodzi chopangidwa pamanja.

Amene sanaionepo babatoni ayenera kuyerekeza mtengo wautali umene kumapeto kwake kuli bokosi kapena ng'oma yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe. Pamtengopo pamamangidwa waya mmodzi wokungika kwambiri. Woyimba amakhala pansi, dzanja limodzi n'kumamenya wayayo ndi kamtengo, dzanja linalo n'kumayendetsa botolo kapena kachitsulo pawaya pomwepo. Botolo likayandikira kuchikopa, gawo la waya limene likunjenjemera limafupika ndipo liwu limakwera. Likabwerera kumbuyo, liwu limatsika. Pamtengopo palibe timipanda monga tija ta pagitala tosonyeza pamene pali liwu lakutilakuti. Khutu lokha ndilo limalamula dzanja poyenera kuima. Kuphonya pang'ono pokha, nyimbo yonse imasasa.

Choyimbirachi sichinayambe ndi a Maligwa. Mizu yake ili m'nyimbo za kwela zimene zinatchuka ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, kumene anyamata oyimba zitoliro m'misewu ankapanga besi ndi bokosi la tiyi, ndodo ndi chingwe. Amalawi ambiri amene ankapita kukagwira ntchito kumigodi ndi m'mizinda ya kummwera anabwera nacho chambachi kumudzi. M'chaka cha 1967, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, a Gerhard Kubik, anakumana ndi a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka akuyimba kwela mumzinda wa Blantyre, ndipo m'gulu lawo munali besi ya nsambo imodzi. Magulu a banjo a m'midzi, onga aja amene anatchukitsa a Alan Namoko ndi Chimvu Jazz Band a ku Thyolo, nawonso ankadalira zoyimbira zopanga okha. Tsono a Maligwa ndi mlowammalo wa mwambo umene uli ndi mbiri yake, malamulo ake ndi akatswiri ake.

Mwambowu unazilala m'zaka za m'ma 1990. Makaseti atachuluka, ndiponso chamba cha rege cha ku Balaka chitagwira dziko lonse kutsatira chimbale cha a Lucius Banda cha Son of a Poor Man cha 1994, masitudiyo ambiri anayamba kudalira kiyibodi. Makina amodzi omwewo ankaliza ng'oma, malipenga ndi besi yomwe, motero kujambula kunatsika mtengo. Koma besi ya m'makina siphonya, sifulumira, sichedwa, ndiponso sipuma. Makutu a anthu anazolowera kusalala kumeneko, ndipo banjo ndi babatoni zinayamba kuonedwa ngati zoyimbira za anthu amene alephera kugula gitala.

A Maligwa ndi a Kalekeni anakumana mu Lilongwe m'chaka cha 2002, chaka chimene dziko linali pa njala yoopsa ndipo anthu ambiri ankathawira m'tauni kukafuna chakudya. Anakhazikika ku Mtandire, ndipo ankayenda pansi ndi zoyimbira zawo kupita ku Old Town kukayimbira anthu odutsa. Pofuna kumvetsa mayimbidwe awo, nkofunika kulingalira mmene mzindawu unamangidwira. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe m'chaka cha 1975, gawo latsopano la mzinda linamangidwa motalikirana ndi tauni yakale. Ku City Centre, ku Area 13, kuli maofesi, mabanki ndi mahotela okhala patalipatali pakati pa mitengo, ndipo anthu ambiri amafikako pagalimoto, n'kubalalika dzuwa likapendeka. Ku Area 10, 12, 43 ndi 47 kuli nyumba za m'mipanda, kumene woyimba wa mumsewu angathe kutha tsiku lathunthu akuyimbira zitseko zachitsulo ndi agalu. Mtandire wagundana ndi Area 47, koma mtunda wa pakati pa moyo wa kuwiriku ndi wautali kuposa msewu uliwonse. Woyimba wodalira makobidi a anthu odutsa alibe kwina kopita koposa ku Old Town, kumene msika, depoti ya mabasi ndi masitolo zimasonkhanitsa khamu la anthu oyenda pansi.

Msewu ndi mphunzitsi wouma mtima, ndipo zimene unaphunzitsa awiriwa zimamveka m'nyimbo zawo mpaka lero. Munthu wodutsa sanalipire pakhomo, alibe mpando, ndipo ali ndi kumene akuthamangira. Akapanda kukopeka pa masitepe ake asanu oyamba, wapita. N'chifukwa chake nyimbo za Madalitso Band zilibe malonje ataliatali: gitala ya nsambo zinayi ya a Kalekeni imayamba ndi liwiro, ng'oma imene amaiponda ndi chidendene imalowa nthawi yomweyo, ndipo babatoni imagwera pamwamba pake. Mawu amatuluka mokweza ndi mosabisa, monga mwa munthu amene anaphunzira kupikisana ndi mahutala a minibasi ndi kukuwa kwa oitanira. Nyimbo imazungulira pa mfundo yaifupi yobwerezabwereza, kotero kuti amene wafika pakati amaimva msangamsanga ngati kuti analipo poyamba.

Luso lenileni la a Maligwa lili pa ntchito zitatu zimene amagwira nthawi imodzi. Kamtengo kakamenya waya, kamatulutsa kaphokoso kouma kamene kamathandiza ng'oma kusunga nthawi. Botolo likamayenda, limatulutsa liwu la pansi limene gitala imatsamirapo. Pamwamba pa ziwirizi pali mawu awo, amene nthawi zambiri sayendera limodzi ndi dzanja, koma amalowa dzanja litadutsa kale kapena lisanafike. Aliyense amene anayesapo kuyimba ndi pakamwa uku akuliza besi amadziwa kuvuta kwake, pakuti besi ili ndi njira yakeyake yosiyana ndi ya mawu, ndipo mutu umodzi uyenera kutsata njira ziwirizo osasokoneza. A Maligwa amachita zimenezi pa liwiro lalikulu, pa choyimbira chopanda timipanda.

Chinanso n'chakuti botolo silidumpha kuchoka pa liwu lina kufika pa linzake monga zala zimachitira pagitala. Limatsetsereka, n'kudutsa m'mawu onse a pakati. Kutsetserekako kumaipatsa babatoni kalankhulidwe konga ka munthu: imabuula, imafunsa, nthawi zina imachita ngati ikuseka. A Maligwa akamaliza mzere wa mawu, kawirikawiri babatoni ndiyo imayankha, monga mmene gulu la amayi limavomerera wotsogolera nyimbo pamtondo kapena pachinamwali. Pamenepa besi yasiya kukhala maziko obisika a nyumba. Yasanduka woyimba wachitatu m'gulu la anthu awiri. Ichi ndicho chimene kiyibodi singathe kuchita, ngakhale itakhala yamtengo wapatali chotani.

Njira yawo yofikira kumakutu a dziko lapansi inali yaitali. M'chaka cha 2009, wojambula nyimbo wa mu Lilongwe, a Emmanuel Kamwenje, anawamva akuyimba panja pa masitolo ndipo anawajambulira chimbale chawo choyamba, Fungo La Nyemba. Dzina lokhalo likusonyeza kumene nyimbozo zinachokera: pakhomo pamene ndiwo ya tsiku ndi tsiku imadziwika ndi fungo lake. Panapita zaka zina zisanu ndi zitatu asanatuluke m'dziko muno. Mu 2017 anakayimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, zaka makumi asanu ndendende kuchokera pamene a Kubik anakumana ndi ana a Kachamba ku Blantyre. Kuchokera pamenepo, mothandizidwa ndi a Neil Nayar amene amayendetsa za gululi, zitseko za ku Ulaya zinatseguka. Anakayimba ku zikondwerero zazikulu monga Roskilde ku Denmark ndi WOMAD ku England, ndipo kampani yaing'ono ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa zimbale zawo: Wasalala mu 2019, Musakayike mu 2022 ndi Ma Gitala mu 2025.

Komabe sikuti ntchito yawo ilibe pobisala chilema. Zimene zimaimitsa munthu mumsewu kwa mphindi zisanu sizimugwira mofanana akakhala pansi kumvera chimbale chonse. Pa Wasalala ndi pa Musakayike, nyimbo zambiri zimayenda pa liwiro lofanana ndiponso pa kazunguliridwe kamodzimodzi, kotero kuti wongomvera osavina angafike pakati pa chimbale osazindikira pamene nyimbo ina yathera ndi pamene inzake yayambira. Babatoni ili ndi mphamvu yodandaula ndi yosinkhasinkha imene liwiro limaiphimba, ndipo womvera amatsala akulakalaka nyimbo zodekha zochulukirapo, zimene zingalipatse botolo mpata woyenda mosathamanga. Chimbale cha Ma Gitala chinaonjezera mawu a anthu ena ndi zoyimbira zina pang'ono. Kumeneko n'kukula, koma kuli ndi chiopsezo chake, pakuti mphamvu ya gululi yagona pa kudabwitsa kwakuti phokoso lonselo likuchokera kwa anthu awiri okha.

Pali vuto lina limene silichokera kwa oyimbawa koma kwa owamvera. Olemba nkhani akunja akamatamanda Madalitso Band, kawirikawiri amayamba ndi umphawi ndi zoyimbira zopanga okha, ngati kuti chozizwitsa n'chakuti mtengo, chikopa ndi waya zatulutsa liwu. Zomwezo zinachitikira a Gasper Nali a ku Nkhata Bay, katswiri wina wa babatoni, amene anadziwika kunja chifukwa cha kanema wa pa intaneti wowaonetsa akuyimba m'mbali mwa nyanja. Chitamando chotere chili ngati chikomekome cha mkuyu. Chimaika maso pa choyimbira n'kuiwala woyimba, ngati kuti aliyense wopatsidwa waya ndi botolo angachite chimodzimodzi. Palibe amene amatamanda woyimba vayolini chifukwa chakuti vayolini ndi thabwa ndi nsambo. Amamuyesa pa kulondola kwa mawu, pa kasungidwe ka nthawi ndi pa zimene akunena. A Maligwa ayenera kuyesedwa pa muyeso womwewo, ndipo akayesedwa motero sapezeka operewera.

Kuonjezera apo, khamu la ku Denmark kapena ku England limavina osamva Chichewa. Theka la ntchito ya mpeki wa nyimbo limatayika pamenepo. Nyimbo zawo zimakamba za chikondi, za banja, za Mulungu ndi za mavuto a tsiku ndi tsiku, m'Chichewa cha pamsika ndi pachitsime, chopanda zokometsera. Malangizo ake ndi achindunji monga a ankhoswe, ndipo nthabwala zake zimamveka kwa amene amadziwa moyo umene zikunena. Anthu okhoza kuweruza ngati mawuwo ali akuya kapena osaya ndi a kuno kwawo, koma ambiri mwa iwo anayamba kutchera khutu atamva kuti gululi lawomberedwa m'manja kutsidya kwa nyanja. Ogwira ntchito m'maofesi a ku Area 13 amene lero angalipire pakhomo kuti awaonere ndi omwe aja amene kwa zaka zoposa khumi akanatha kuwamva ulere pa khonde la sitolo ku Old Town.

Kudziimira paokha kwa awiriwa kuyeneranso kumveka bwino. Sikutanthauza kuti sanathandizidwe ndi munthu, pakuti popanda a Kamwenje, a Nayar ndi kampani ya ku Geneva, nyimbo zawo zikanathera m'fumbi la mumsewu. Kumatanthauza kuti chamba chawo anachiumba okha, kwa zaka zambiri, popanda mwini situdiyo wowauza zimene wailesi ikufuna. Pamene thandizo linkafika, linapeza ntchito itapsa kale. Choyimbira chimene mwini wake angathe kuchikonza yekha chikaonongeka, chimene sichidalira magetsi a ESCOM kapena jenereta, chimamupatsa woyimba ufulu umene anzake a zida zamagetsi zobwereka alibe.

Chodandaulitsa n'chakuti achinyamata ambiri a mu Lilongwe amamvera nyimbo pa foni ya m'manja, ndipo kasipika ka foni sikatha kutulutsa mawu a pansi. Pa foni, gitala ya a Kalekeni imamveka bwino, mawu a awiriwo amamvekanso, koma pa babatoni pamangotsala kugogoda kwa kamtengo. Kubuula konse kwa waya, kumene kuli mtima wa luso la a Maligwa, kumasowa. Wofuna kukumva ayenera kupeza sipika yaikulu, kapena kukaima pafupi ndi chikopa cha ng'ombecho pamene mwini wake akuchiliza.