Mlatho wa ku Newcastle: kutamanda kokha sikukwanira

Anzathu otsogolera makalasi, nkhani ya mlatho wozungulira wa pa mtsinje wa Tyne ku England kawirikawiri imakambidwa ngati nyimbo yotamanda amisiri basi. Ife tikuti kakambidwe kotereka n'koperewera.

Luso lilipo ndithu. Mlathowu umalumikiza Newcastle ndi Gateshead. Unatsegulidwa mu 1876, ndipo makina ake anapangidwa ndi kampani ya William Armstrong. Cigawo capakati, cotalika mamita 85, cinakhazikidwa pa nsanamira imodzi pakati pa mtsinje. Anacikonza kuti mphamvu ya madzi opanikizidwa izicitembenuza, sitima n'kumadutsa mbali zonse ziwiri. M'caka ca 1924 cokha unatembenuka pafupifupi ka 6,000.

Koma tifunse: njirayo anatsegulira yani? Mlatho wamiyala wa 1781 umene unalipo kale unali wotsika, sitima zazikulu sizinkatha kupyola. Kumtunda kwake, ku Elswick, kunali fakitale ya Armstrong yosula mizinga. Sitima yoyamba kudutsa pa mlatho watsopanowo, dzina lake Europa, inkakatenga mzinga wolemera matani 100 wa asilikali a pamadzi a dziko la Italy. Zoona, malasha nawo anapeza njira, anthu ambiri n'kupeza nchito. Komabe wokamba za luso osachula za mizinga wanena theka la coonadi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Caciwiri cimene otamanda amalumpha ndi mapeto ake. Doko lokwezera malasha la ku Dunston linatsekedwa mu 1980, sitima zopita kumtunda zinacepa. Mlatho unatembenuka mu 2019, koma mu 2021, pa tsiku la cikondwerero, makina anakana. Pamwamba pake anthu ndi magalimoto ankadutsabe, koma nchito imene unamangidwira inali itaima. Kodi kusunga cinthu cakale ndi kungocisiya ciri ciimire, kapena kucisamala kuti cizigwirabe nchito yake?

Pamenepa ndiye pali phindu la nkhaniyi m'kalasi. Musangowerengetsa zaka ndi manambala ayi. Lembani pa bolodi mafunso atatu: anamanga ndani, anapindula ndani, akusamala ndani lero? Ophunzira ayankhe za mlathowu, kenako asankhe mlatho, msika kapena citsime ca kwao, alembe mizere isanu. Munthu wamkulu amene wayamba kufunsa cotere sakungowerenga zilembo, wayamba kuwerenga mbiri.