Mutu wa Nkhani Umene Unaposa Nkhani Yace

Pa 13 January 2017 nyuzipepala ya The Guardian ya ku London inasindikiza nkhani imene mutu wace unati WhatsApp ili ndi "backdoor", ndiko kunena khomo la kuseri. Kwa akatswiri a makompyuta mau amenewa atanthauza njira yobisika imene mmisiri anaisiya dala kuti ena azilowerapo kukawerenga makalata a eni ace. Ndi mau oimba mlandu wa cinyengo, koma za m'kati mwa nkhaniyo sizinafike pamenepo ai.

Zimene anapeza Tobias Boelter, wofufuza wa ku Berkeley, ndi izi. Uthenga wa pa WhatsApp utsekedwa kotero kuti mfungulo ya m'foni ya wolandira yokha ndiyo iutsegula. Munthu akasintha foni, mfungulo isinthanso. Tsono uthenga umene unali usanafike, WhatsApp inali kuutsekanso ndi mfungulo yatsopano ndi kuutumiza osayamba yafunsa wotumiza. Amisiri anasankha kutero kuti mauthenga asatayike m'njira. Mpata unalipo ndithu, pakuti wolamulira makina a kampaniyo akadatha kusintha mfungulo ndi kugwira mauthenga osafikawo; koma unali wopapatiza, ndipo wotumiza amene anachera cenjezo m'foni mwace anali kuuzidwa kuti mfungulo yasintha.

Mng'alu ndi khomo n'zosiyana. Mng'alu ndi cilema ca nyumba. Khomo licitira umboni colinga ca womanga. Posankha mau aciwiriwo, wolemba mutu ananena zimene analibe nazo umboni. Akulu anati Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Cotulukapo sicinali cacing'ono. Zeynep Tufekci pamodzi ndi akatswiri oposa 70 analembera nyuzipepalayo kalata yocenjeza kuti anthu okhala pansi pa maboma ankhanza, monga atolankhani a ku Turkey, angathawe WhatsApp ndi kubwerera ku SMS, imene ilibe loko konse. The Guardian inacotsa mauwo, ndipo mu June 2017 Paul Chadwick, mkonzi woimira owerenga, anabvomereza kuti nkhaniyo inakuza bvutolo mopitirira. Koma ambiri awerenga mutu wokha, ndipo cikonzero ca miyezi isanu m'tsogolo siciwapeza onse.

Cifukwa cace mphunzitsi, pouza ana kuti apatse ndime mutu, ayenera kufunsa mwana ali yense aloze ciganizo cimene cicirikiza liu liri lonse la mutuwo. Liu losowa ciganizo cace lifafanizidwe, ngakhale likome cotani m'makutu.