Inki ya Reginald Marsh ndi Anyani Osekana Zikundu

Pensulo ukalakwitsa umafufuta, penti umakwirira ndi inzake, koma inki ikangotera papepala, yakhala basi. Reginald Marsh, mmisiri wa zojambula wa ku America amene anamwalira mu 1954, anakhwimira pa inki akujambulira nyuzipepala ya New York Daily News. Pofika m'zaka za m'ma 1940 anali atakondetsa inki ya ku China, yosungunula ndi madzi.

Kwawo kwenikweni kwa ntchito yake kunali ku Coney Island, m'mbali mwa nyanja mumzinda wa New York. Kumeneko anthu ankalipira kuti alowe m'zisakasa kukayang'ana anzawo obadwa ndi matupi osiyana ndi a ambiri: aafupi zedi, aatali zedi, amitu ing'onoing'ono. Pakhomo pankaima woitanira, pamwamba pake zinsalu zojambulidwa mokokomeza.

Luso lake lili pawiri. Ndi cholembera amazungulira thupi ndi mizere yopindikapindika, yobwerezabwereza, moti mwendo umaoneka ngati ukusuntha. Kenako burashi yonyowa imathira mthunzi wotuwa, thupi n'kuyamba kulemera. Poti aike kuwala amangosiya pepala loyera. Sankalota minofu: anaphunzira kapangidwe ka thupi mpaka kutulutsa buku la Anatomy for Artists mu 1945.

Koma chondigwira mtima n'kumene amalozetsa maso athu. Njira yake inaonekera kale mu 1932 pa chithunzi cha penti cha Pip and Flip. Pip ndi Flip, oonetsedwa m'chisakasa, anali apachibale ochokera ku Georgia, ku America komweko, koma ankalengezedwa ngati mapasa a kudziko lakutali. Marsh sanatilowetse m'chisakasa. Anatisiya panja, pakati pa zinsalu zabodza, atsikana ovina ndi chikhamu chothithikana, makosi ali m'mwamba. Pamenepo umafunsa: chodabwitsa n'chiti, cholipiridwa kapena olipirawo? Anyani amasekana zikundu.

Sindimuchotsera mlandu. Diso lake limachedwa pa ntchafu za akazi kuposa pankhope zawo, ndipo oonetsedwa aja sawapatsa mpata woti tiwadziwe ngati anthu. Nayenso anali m'gulu la osuzumira.

Komabe ambiri akajambula zionetserozi ankagulitsa chilema cha munthu kachiwiri. Marsh anajambula njala ya oonera, ndipo anaijambula ndi inki yosafufutika. Mukadzaona ntchito zake, yambani mwayang'ana khamulo. Mwina mudzapezamo nkhope yanu.